Ndege ya ku London ndi Maliro a Naphiri

Ana anga, nthawi zambiri mumandiseka kuti ndinakalambira pa ntchito yotumiza anthu kunja pa ndege, koma ine mwini sindinakwerepo ngakhale ya ku Blantyre. N'zoona, ndipo sekani. Mumadandaulanso kuti munthu akandifunsa kuti kwakutikwakuti n'kutali bwanji, ndimayankha motalika mpaka wofunsayo kutopa. Mutu uno ndaulemba kuti mudziwe kumene khalidwe limeneli linachokera. Za ubwana wanga sindinenapo kanthu, chifukwa zinalibe chachilendo.

Ku Zomba, likulu lisanasamuke

Ntchito ya m'boma ndinaiyambira ku Zomba, mu unduna umene sindiutchula dzina. Ndinali kalaliki wa mafayilo, ntchito yonyamula mapepala kuchoka pa tebulo la munthu waulesi kupita pa tebulo la waulesi mnzake. Amene anandichotsa m'fumbi limenelo ndi a Mbewe, mkulu wa nthambi yathu. Anali munthu wamtali, wa mawu apansipansi, wosakonda kubwereza zimene wanena. Tsiku lina anandipeza ndikuyang'ana mapu a dziko lonse amene anapachikidwa m'khonde, ndipo anati, "Iwe Lameki, ukufuna kuthawira kuti?" Ndinayankha kuti sindikuthawa, bwana, ndikungoona. Iwo anati, "Ndiye bwera uzionera mu ofesi mwanga, kuonako kukhale ndi phindu." Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala kalaliki wa maulendo.

Masiku amenewo boma linkatumiza anthu ambiri kukaphunzira kunja, ndipo ntchito yanga inali yowapezera njira: ndege iti, tsiku liti, akasinthira kuti, akagona kuti. Tinali ndi buku la maulendo a ndege, lonenepa ngati Baibulo la paguwa, la timalemba ting'onoting'ono timene tinandiwonongera maso. A Mbewe ndi amene anandiphunzitsa kuliwerenga. Anandionetsa kuti kuchoka ku Blantyre kukafika ku London ndi mamailosi opitirira zikwi zisanu, ndipo ndege, ngakhale itatera ku Nairobi kukamwa mafuta, imadula mtunda wonsewo usiku umodzi ndi kachidutswa ka tsiku. Ine ndinagwira pakamwa, poti nthawi ya mvula basi yopita kwathu ku Ntcheu inkatha kutigoneka m'njira. Iwo sanaseke. Anati, "Amenewo ndi maola a m'mwamba. Usamauze munthu za m'mwamba zokha. Ndege imeneyi siibwera tsiku lililonse ngati basi. Ukaiphonya, kapena ikadzaza, umakhala pansi n'kumadikira masiku." Mawu amenewa ndinawasunga, ndipo ndinkawabwereza kwa aliyense wodzatenga tikiti, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Ndiyenera kunena poyera kuti a Mbewe ndinkawakonda. Pa ukwati wanga ndi mayi anu, galimoto imene inatinyamula kuchoka kutchalitchi inali yawo, ndipo anayendetsa okha. Lamulo litabwera lakuti unduna wathu usamukire ku Lilongwe, makalaliki ang'onoang'ono ambiri anawamwazira m'maboma akutali. Ine dzina langa linali litalembedwa kale ku Nsanje, koma iwo anakalimbana nazo mpaka analifafaniza.

Ku Lilongwe, chaka choyamba

Tinalowa mu Lilongwe pa malole, ife titakhala pamwamba pa makabati. Amene munabadwa mzindawu utaima kale simungamvetse. Maofesi atsopano anali paphiri, akununkha penti, atazunguliridwa ndi zitsa ndi dothi lofiira. Kumene ankakutcha City Centre linali dzina chabe, nyumba zingapo ndi makina okumba. Tauni yeniyeni inali ku Old Town, kumene ine ndi mayi anu tinapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ya mmwenye ku Area 1. M'mawa uliwonse ndinkavala shati yoyera, n'kukafika kuntchito ili ya mtundu wa njerwa.

Chilichonse chinali chosowa. Mipando ina inatsala ku Zomba, ndiye mlendo akabwera kalaliki ankaimirira. Lamya yoyankhulira kunja inali imodzi m'nyumba yonse, ndipo teleksi, makina amene tinkatumizira mauthenga olembedwa, inali m'nyumba ina kutsidya kwa ngalande. Matikiti ndinkakadula ku Old Town kwa mmwenye wina wachikulire amene anali ndi kaofesi ka maulendo. Koma chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti likulu linasamuka, ndege zazikulu osasamuka. Zinkaterabe ku Blantyre. Ku Lilongwe kunali kabwalo kakang'ono ka tindege ta m'dziko momwemo, choncho ulendo uliwonse wakunja unatalikirako, ndipo olakwa pamaso pa mabwana ndinali ine.

A Mbewe anapatsidwa nyumba ku Area 10, yaikulu, ya mpanda, pakati pa nyumba za azungu a ku maofesi a akazembe. Akazi awo, amene tonse tinkawatcha Naphiri, sanaikonde n'komwe. Anali mayi wansangala, wa phwete lomveka patali, wobadwira kumudzi wina kupitirira Mitundu. Ku Zomba ankacheza ndi mzere wonse wa nyumba. Kuno anadzala chimanga ndi maungu pa kapinga wa kumaso, mpaka akuluakulu oyang'anira nyumba za boma anabwera kudzawazulitsa. Ndikapita kukasiya mapepala ankanditsekereza pakhomo. "Khalani pansi, a Lameki, ndimveko mawu a munthu. Kuno anansi anga ndi agalu a eni ake. Ndikakuwa, amene angandiyankhe ndi mlonda wa nyumba yachitatu, akakhala kuti sanagone."

Chaka chachiwiri, nyengo yozizira ikutha, a Mbewe anasankhidwa kupita ku London ku kosi ya miyezi ingapo. Naphiri anali woyembekezera, ndipo anali atapitapo padera kawiri. Mwina mufunsa kuti bwanji sanakane. Masiku amenewo munthu sunkakana kosi ya boma, poti kukana kunkamveka mwina ndipo ankakufunsa mafunso ena. Anagwirizana kuti Naphiri akakhale kwa mayi awo kumudzi, ndipo mwezi womaliza galimoto ya ofesi ikawatenge kuti akachirire kuchipatala m'tauni.

Tsiku lotsazikana ndinapita ku Area 10 ndi tikiti. Ndinapezako a Yohane, malume a Naphiri, mlimi wa fodya wosayankhulayankhula, amene anapalasa njinga kuchokera kumudzi kudzatsazika mkamwini wawo. Titakhala pakhonde, Naphiri anatembenukira kwa ine. "A Lameki, inu ndi amene mumadziwa. Ku London kumeneku n'kutali bwanji? Zikandivuta kuno, abambowa angafike liti?" Ndisanatsegule pakamwa a Mbewe anayankha okha. "Usiku umodzi basi. Ndikwera madzulo, ndigona, kukacha ndili kuno. Kufupi kuposa ku Nsanje." Naphiri anaseka, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. A Yohane anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kubwereza chapansipansi kuti usiku umodzi. A Mbewe sanandiyang'ane. Anali kutonthoza mkazi wamantha, ndipo panalibe kalaliki amene akanatsutsa bwana wake pakhonde la nyumba yake.

Okutobala wa chaka chomwecho

Mwana anabwera mwezi wake usanakwane. Anabadwira kumudzi Lamulungu, wamkazi, wamoyo. Naphiri magazi sanaleke, ndipo Lolemba m'bandakucha, anthu akuthamangira kukafuna galimoto, anatisiya. Uthenga unafika ku ofesi masana ndi munthu wa pa njinga. Ine ndi amene ndinawoloka ngalande ija kukatumiza teleksi ku London, ndipo wa pa makinayo anachita kundiuza kuti ndibwereze chifukwa mawu anga sankamveka.

Kenako ndinatsegula buku lija. Ndege yochoka ku London kudzafika ku Blantyre inali itanyamuka dzulo lake, ndipo yotsatira inali yofika Loweruka. Ndinayesa njira ya ku Nairobi. Kufika ku Nairobi kunali kotheka, koma kuchoka kumeneko kubwera kuno ndege ya pakati pa sabata inali yodzaza. Ndinathamangira kwa mmwenye wa matikiti uja ku Old Town. Anayesa Lusaka, anayesa Dar es Salaam, anaimba lamya mpaka thukuta kunyowetsa kolala. Potsiriza anavula magalasi n'kunena kuti, "Loweruka, achimwene. Palibe njira ina. Mayi anga ine anamwalira ku Bombay, uthenga unandipeza zonse zitatha." Ndinayesanso kufunsa za chipinda chozizira chosungiramo maliro m'tauni, koma chinali chaching'ono ndipo chinali chodzaza.

Lachiwiri masana anandiitana ku lamya ija. Anali a Mbewe. Mawu ankamveka ngati munthu ali m'chitsime, ndipo ankadukaduka.

"Lameki, wapeza chiyani?"

"Loweruka, bwana. Ndayesa paliponse."

"Ndikudziwa, inenso ndafunsa kuno. Mawa ndikwera ya ku Nairobi, ndikakhala pabwalo pomwepo. Mwina wina alephera, andipatsa mpando."

"Mpandowo ndi wokayikitsa, bwana. Odikira ndi ambiri."

"Tamvera. Upite kumudzi. Ukawauze kuti ndili m'njira, ndifika mawa. Mawa likafika ukanene kuti mawa linalo. Usakatchule Loweruka. Ukatchula Loweruka amuika ine kulibe." Kenako anati, "Ndimuone nkhope, Lameki. Sindinakupemphepo kanthu chiyambire."

Zinali zoona, anali asanandipemphepo kanthu. Ndinati ndamva, bwana, ndipo lamya inaduka.

Lachitatu m'mawa ndinanyamuka pa galimoto ya boma, ine ndi dalaivala, titanyamula bokosi limene ofesi inagula. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Pofika cha ku Mitundu mpando unali utatentha kale moti sunkakhudzika. Njira yonse ndinkayeseza mawu amene ndikanene, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti ndikachita zimene bwana wanga wandituma. Ndinkadziuza kuti si bodza lenileni, popeza munthuyo analidi m'njira, ndiponso mpando uja ukanatha kupezeka.

Tinaona masamba ataikidwa pamsewu, tinakhota. Amuna anali pansi pa mtengo wa mango, ambiri, ena a m'midzi yakutali amene anasiya nazale zawo za fodya kuyambira Lolemba. M'nyumba ya siwa amayi ankaimba, koma nyimbo yake inali yotopa, ya anthu amene mawu anawathera dzulo. Pakhomo pankafuka utsi wa masamba amene ankawotcha dala. Nditayandikira kuti ndikapepese ndinadziwa chifukwa chake. Utsiwo sunkakwanitsa ntchito yake. Mayi wina anatuluka atatseka pamphuno ndi chitenje, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukasanza, kenako anapukuta pakamwa n'kubwereranso m'nyumbamo. M'katimo anali atayala matumba onyowa, ndipo mayi a Naphiri anali atakhala kumutu kwa mwana wawo akuingitsa ntchentche ndi kansalu. Anandiuza pambuyo pake kuti chiyambire Lolemba anali asanachoke pamenepo. Kuseri kwa nyumba ina khanda lija linkalira m'manja mwa mng'ono wa malemu.

A Yohane ananditengera pambali, pafupi ndi khola. Kumbuyo kwawo kunaima adzukulu, anthu okumba manda, makasu ali m'manja.

"Bambo, mwabwera bwino. Ife tadikira chifukwa akamwini athu ananena okha, ine ndikumva, kuti ndi usiku umodzi. Usiku wa Lolemba wadutsa, wa Lachiwiri wadutsa. Anthu akundifunsa, ine ndikusowa chowayankha."

"Ali m'njira," ndinatero. "Anyamuka lero."

"Zikomo. Koma ine funso langa ndi la anyamatawa. Mukudziwa kuti kwathu kuno manda sagona apululu. Tikakumba m'mawa, dzuwa lisanalowe mwini wake alowemo. N'chifukwa chake sindinawalole kukumba. Tsono inu ndi amene mumadziwa za ndege. Ndiuzeni tsiku, ndiwauze akumbe liti."

Apa ndi pamene mawu amene ndinayeseza m'galimoto anandithawa. Kunena kuti ali m'njira kunali kosavuta, koma bambo uyu sankafunsa za njira. Ankafuna tsiku. Ndikanati mawa, mayi a Naphiri akanagonanso usiku wina pambali pa mwana wawo akuwonongeka, ndipo mawa lakelo ndikanaimanso pa khola lomwelo n'kunena mawa lina, mpaka Loweruka. Ndinaganiza za a Mbewe ali m'mwamba, ndinaganiza za galimoto ya pa ukwati wanga. Ndinawakwiyiranso, ndisabise, chifukwa chondisenzetsa katundu ameneyu ali kutali kumene fungo silinkawafika.

"Loweruka," ndinatero. "Akafulumira kwambiri, mwina mawa madzulo ali ku Blantyre, koma zimenezo musaziwerengere. Tsiku limene ine ndikulidziwa ndi Loweruka."

A Yohane anandifunsa kuti, "Nanga usiku umodzi uja?"

"Ndi zoona ndege ikanyamuka. Koma siinyamuka tsiku lililonse."

"Iwo ankadziwa zimenezi?"

"Ankafuna kuti mayi asaope."

Sanakalipe. Anatembenukira kwa adzukulu aja n'kunena kuti, "Dzuwa likadalipo. Kakumbeni."

Tinaika Naphiri Lachitatu lomwelo, dzuwa litapendeka. Asanatseke bokosi anaitana achibale kuti aone nkhope, ndipo a Yohane anandigwira mkono kuti ndilowe m'malo mwa mwamuna wake. Ndinalowa, ndinaona. Sindilemba zimene ndinaona. Ndingoti mayi wa phwete uja sindikanamuzindikira ndikanapanda kuuzidwa. Nditabwerera m'tauni ndinatumiza uthenga ku Nairobi kudzera kwa mmwenye wa matikiti uja kuti awapeze a Mbewe pabwalo la ndege, koma uthengawo sunawafike.

Loweruka

Mpando uja sunapezeke. A Mbewe anakhala pa benchi ku Nairobi mpaka Loweruka, n'kukwera ndege yomweyo imene akanaikwerera ku London akanangodikira. Ku Blantyre anasinthira kandege kakang'ono, ndipo ine ndinakawachingamira pa kabwalo ka ku Lilongwe madzulo. Anatsika ndi suti yamakwinya, ndevu zitamera, maso ofiira. M'khwapa anali ndi kaphukusi ka pepala la m'sitolo, ndipo pakona pamene panang'ambika pankaoneka nsalu yoyera. Anali atagula diresi yoti akamuveke.

"Tiye msanga," anatero asanandipatse n'komwe moni. "Akadali kumudzi, kapena munapeza malo kuchipatala?"

Ndinawauza pomwepo, titaima pa dothi, anthu akutidutsa ndi masutikesi. Ndinati tinaika Lachitatu. Ndinati a Yohane anandifunsa tsiku ndipo ndinatchula Loweruka. Sindinadziikire kumbuyo, ndiponso sindinapepese, chifukwa mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndinayankha bwino. Iwo anasuntha kaphukusi kaja kuchoka m'khwapa lina kupita m'khwapa linalo, n'kuyamba kuyenda kupita ku galimoto.

Tinagwira ntchito limodzi zaka zina zingapo, mpaka anawasamutsira ku unduna wina. Sanandichitepo choipa. Tchuthi ankandipatsa, lipoti langa la pachaka ankalemba labwino, ndipo nditakwezedwa siginecha inali yawo. Nyumba ya ku Area 10 anakhalamo okha ndi wantchito, mwana akukulira kumudzi. Koma sanakhalenso pa ngodya ya tebulo langa kuti ticheze, ndipo akafuna tikiti ankatuma mesenjala. Zimenezi zinandipweteka kuposa mmene akanandichotsera ntchito. Kucheza kwathu komaliza kunali kwa m'galimoto Loweruka lomwelo, tikupita kumudzi kuti akaone manda.

Tinadutsa Old Town, tinalowa msewu wafumbi. Iwo anali kumbuyo, kaphukusi kali pamiyendo, ine kutsogolo ndi dalaivala. Titayandikira Mitundu ndinamva akundiitana.

"Lameki."

"Bwana."

"Iwe unaona nkhope?"

"Ndinaona, bwana."

"Anali bwanji?"

Dalaivala anandiyang'ana cham'mbali, poti nayenso analipo tsiku lija. Ine ndinayang'ana kutsogolo. Ndinati, "Anali bwinobwino, bwana. Ngati munthu amene wangogona tulo."

Tinayenda kamtunda ndithu, galimoto ikugunda m'maenje. Ndinayamba kuganiza kuti mawuwo awatonthoza. Kenako anayankhula, ndi mawu awo apansipansi aja, opanda mkwiyo uliwonse.

"Kani umatha kunama, Lameki."